Ndani Adzasambitsa a Sajeni

Achemwali anga atapuma ntchito ya unamwino ku usilikali anabwerera ku Mlangeni ndi sutikesi yachitsulo, jombo zakuda ndi pakamwa posabisa mawu. Mudzi wonse unkawatcha a Sajeni. Ana analibe, mwamuna anamuthamangitsa kalekale. Ine ndinkati tsopano apuma, azilima kachewere ngati tonsefe. Kupuma kwake kuti! Kukacha ankanyamula kachikwama kawo n'kuyamba kuyenda khomo ndi khomo, kutsuka zilonda, kutembenuza odwala osatha kudzuka, kusambitsa nkhalamba zimene ana awo anazithawa. Panalibe wowatuma, panalibenso wowalipira.

Ndinkawakalipira, pajatu ine lilime langa silichedwa. "Inu achemwali, mudzi wonsewu munabereka ndinu?"

"Iwe, tanditerekera madzi, usandisokose," ankangotero.

Chaka china dzinja linabwera ndi matenda a kolera. Mtsikana wa mnansi wathu, mayi amene tinkapemphana naye moto ndi mchere, anayamba kutsekula m'mimba madzulo, pofika m'mawa anali atatisiya. Mwana wake anali yekhayo. Kwathu kuno munthu sapita kumanda wosasamba. Amalowa ndi amayi omwe si achibale, adzukulu, ndi beseni la madzi ofunda, n'kumusambitsa, kumudzoza mafuta, kumuveka bwino. Mayi uja anali atatuma kale munthu kukagula sopo wonunkhira kugolosale, madzi ali pamoto.

Achemwali anaima pakhomo atavala jombo zawo zija. "Asalowe munthu muno. Kusambitsa kulibe, kuphika kulibe, kugona pasiwa kulibe. Mukamugwira ameneyu, sabata ino adzukulu atopa nako kukumba."

Amayi analira, amuna anaopseza, iwo osasuntha olo pang'ono. Anapopera mtembo mankhwala, n'kuuika m'thumba la pulasitiki limene a zaumoyo anabweretsa, ndipo dzuwa lisanapendeke tinali titachoka kale kumanda.

Pobwerera, mayi wa mtsikanayo anaima pakati pa njira, anthu onse akumva. "A Sajeni, mwana wanga mwamulonga m'thumba ngati feteleza. Ngakhale nkhope sindinamugwire. Tsiku lanu likadzafika, mudzadzisambitsa nokha." Palibe anamudzudzula.

Matendawo sanatengenso wina m'mudzi mwathu, koma ndani anathokoza? Makomo ena anayamba kutsekeka achemwali akamafika. Iwo sanasiye. Mwamuna wa mayi yemweyo, amene anabwera ndi chifuwa choipa kuchokera kumigodi ya ku Joni, atagona osadzukanso, achemwali ankapita kukamutembenuza ndi kumutsuka zilonda zakumsana. Akalowa, mkazi wake ankatuluka n'kukakhala kuseri kwa nkhokwe, moni osapereka. Zinali choncho mpaka bamboyo anamwalira.

Patapita zaka, achemwali anadwala khansa. Thupi lonse lija linatha ngati chikonyo. Munthu amene anasoka asilikali ong'ambika mimba kunkhondo za eni ake, imfa sankaiopa ayi. Ankaopa chinthu chimodzi chokha, ndipo tsiku lina ndikuwamwetsa phala anachinena.

"Iwe, kodi amayi aja adzabwera kudzandisambitsa?"

"Akakana ndidzakusambitsani ndine," ndinatero.

"Usandinamize ngati mwana. Wobadwa naye mimba imodzi sasambitsa, ukudziwa."

Ndinkadziwadi. Mtima unandipweteka, komanso ndinapsa mtima koopsa. Munthu wotsuka mafinya a mudzi wonse, lero azidera nkhawa beseni limodzi la madzi! Ndinameza ukali wanga n'kupita kwa mnansi uja kukagwada. Ndinamupeza akupeta nyemba. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anapitiriza kupeta.

Achemwali anamwalira m'mawa wina mu Juni, chisanu chikuluma zala. Amayi a m'mudzi anabwera ndithu, anakhala pabwalo atafunda zitenje, analira monga mwa mwambo. Koma wodzuka kukatenga beseni panalibe. Madzi ndinatereka ndekha, anawira, anazizira, ndinaterekanso. Anzawo a ku usilikali anali atafika ndi bokosi, akungoyang'ana pansi ndi manyazi. Aliyense ankaponya diso kwa mayi uja, chifukwa mawu anali ake, ndipo palibe ankafuna kumulumpha.

Kenako mayiyo anadzuka, anakutumula chitenje, n'kulunjika kunyumba kwake. Ine mumtima ndinamutukwana mawu amene sindingawabwereze pano. Ndinati basi, achemwali apita ndi litsiro la matenda, monga anawalodzera pakamwa.

Posakhalitsa ndinamuona akubwerera, chinachake chili m'manja. Anali sopo uja, pepala lake litafumbwa ndi kukhalitsa. Anakodola amayi ena awiri, ananyamula beseni, n'kulowa. Ine ndinatsala pakhomo, chitseko chili chotsekula pang'ono, ndipo ndinaona zonse. Anayamba ndi nkhope, pang'onopang'ono, kenako kuseri kwa makutu, m'khosi, pakati pa zala, monga timasambitsira khanda. Anachedwa kwambiri, mpaka anzake aja anayamba kuyang'anana, koma palibe anamufulumizitsa. Atamaliza anawadzoza mafuta n'kuwamanga mpango kumutu.

Atatuluka, manja akudontha madzi, ndinagwada kuti ndithokoze.

"Dzukani, musandithokoze," anatero. "Sindinawakhululukire ayi. Sopoyu ndinagulira mwana wanga, ndatopa nako kumusunga."

Anakhala pansi pakhonde, anatambasula miyendo, n'kuyamba kulira mokuwa, kulira kumene sindinakumve ngakhale tsiku la thumba lija. Dzina limene ankaitana silinali la achemwali anga.