Batani la pamwamba pa bedi

Pakhomo la wodi yatsopano ya ana ndinavula chipewa n'kunena "Odi!" m'kabokosi ka pakhoma, poyesa ndi kolankhulira. Kanandilavulira mankhwala osamba m'manja pamalaya. Fungo lakelo linandibweza pabedi la m'chipatala pomwe ndinagona ndi chikuku ndili mwana.

Pamwamba pa bedilo panali batani, ndipo ndinkakhulupirira kuti waya wake akufika kwathu kudera la Unit G, kwa amayi. Nditasanza phala, ndinalidina mpaka chala kuwawa. Masanzi anaumira m'khosi, akununkha ngati thobwa lowola, ntchentche zikuyenda pamilomo panga. Palibe anabwera. Nditasuzumira kuseri kwa kabati, ndinapeza wayayo akuthera pamanyi a makoswe.

Ndiye dzulo, nditaona batani lonyezimira pabedi la mdzukulu wanga Tadala, ndinalidina. Nesi anabwera akuthamanga.

"Chii, sekuru?" anafunsa m'chilankhulo cha kuno, kutanthauza kuti, "N'chiyani, agogo?"

Tadala anali m'tulo, waukhondo.

Nditawafotokozera a Banda, oyandikana nane nyumba, anapukusa mutu.

"Achimwene, musanamizire Tadala. Nesiyo munaitanira kamwana ka masanzi kaja."