Magalasi Awiri a Bambo Cândido

A Cândido anali wojambula zithunzi wa pa Milange. Ntchitoyo anaiphunzira kwa Mzungu wina wa sitolo, amene pobwerera kwawo anawasiyira kamera ndi magalasi ake awiri, lalifupi lojambulira gulu ndi lalitali lojambulira nkhope. Magalasiwo anali a mazinga, opotera pakamwa pa kamera ngati chotsekera botolo. Wofuna chithunzi cha pa chiphaso chotchedwa bilyeti, cha ubatizo kapena cha ukwati ankawapeza pakhonde kuseri kwa msika, atapachika nsalu yabuluu pakhoma.

Tsiku limene nkhondo inalowa m'tauni, amfuti anatulukira cha kuphiri la Tumbine kukucha. A Cândido anali atamasula magalasi kuti apukute, ndipo pomva kulira kwa mfuti anangowaponya m'matumba a jekete. Kamera inali m'khosi mwa mwana wawo Dinis, mnyamata wamkulu amene anali atangokwatira kumene. Amfutiwo anamusenzetsa thumba la ufa n'kupita naye, kamera ili lende pachifuwa.

A Cândido anathawa n'kuwoloka mtsinje wa pamalire kupita ku Muloza ndi akazi awo, a Hermínia. Kumeneko ankalima maganyu, manja ozolowera kupota galasi n'kuchita matuza. Magalasi aja anawakulunga m'sokosi.

"Gulitsani zinthuzi, bambo a Dinis," ankatero a Hermínia. "Galasi lopanda kamera lili ndi ntchito yanji?"

Iwo ankangoti, "Ipezeka kamera yake."

Anaifunadi. Anafika pa Chitakale, anafika ku Limbe pa basi, koma makamera a kumeneko anali atsopano, olowetsa galasi mongokhotetsa pang'ono n'kumva kuti khethe. Magalasi awo ankangokhala pakamwa osalowa.

Patapita zaka ziwiri, anamva za a Abílio, wogulitsa zakale pamsika wa pa Muloza, amene ankagula katundu kwa anthu owoloka mtsinje. A Abílio anatulutsa makamera awiri a mazinga, onse opanda galasi. Yoyamba inali ya ku Japan, yopepuka, yosalala. A Cândido anapotera galasi lalifupi, linalowa bwinobwino. Anaiika pakhutu n'kudina, inalira mokoma.

"Imeneyo ndiye kamera, madala," anatero a Abílio. "Inayi musataye nayo nthawi, kansalu ka m'kati kotchinga kuwala kamakakamira."

Inayo inali ya ku Russia, yolemera ngati njerwa, utoto utayuka m'makona. A Cândido anaitembenuza. Lamba wake anali wosokedwa ndi ulusi wofiira pamene anadukapo, ndipo kasokedweko anakadziwa: kanali ka a Hermínia. Anakhala pansi pafumbi.

"Anabwera nayo ndani?"

"Munthu wina, chaka chatha. Anasinthitsa ndi mchere."

"Mnyamata? Wamtali, wa mpata m'mano?"

A Abílio anaganiza nthawi yaitali, poona kuti funsolo silinali lamasewera. Kenako anapukusa mutu. "Ndinganame, madala. Amabwera ambiri, onse owonda, onse a fumbi. Nkhope sindinaisunge."

A Cândido anabweza ya ku Japan ija. Anatenga yokakamirayo.

Atafika nayo kunyumba, a Hermínia anagwira lamba uja, n'kuyendetsa chala pa ulusi. Analowa m'nyumba, ndipo maliro anamveka mpaka kwa aneba, amene anathamangira kudzafunsa kuti wamwalira ndani.

Anayambiranso kujambula. Othawa nkhondo ankafuna zithunzi zotumiza kwa abale amene anasiyana nawo pothawa, kuti adziwe kuti ali moyo. Zithunzi zina zinkatuluka mbali imodzi itada chifukwa cha kansalu kaja, ndipo iwo ankajambulanso osadandaula. Aliyense wochokera kutsidya ankamufunsa za Dinis asanamukhazike pampando.

Mtendere utabwera anabwerera ku Milange. Yankho linadza ndi munthu wina wa ku Molumbo, dzina lake Mário, amene anasenza katundu limodzi ndi Dinis. Anati mnyamatayo anadwala m'mimba ali m'njira, anafera pansi pa mtengo wa mango, anzake n'kumufotsera ndi masamba. Kamera inatengedwa ndi wina. Malowo Mário sanathe kuwalozanso, tchire linali litamera ponseponse.

Anachita mwambo wa maliro kutchalitchi popanda bokosi. A Cândido anajambulabe zaka zingapo, mpaka maso anayamba kuchita nkhungu. Masiku awo otsiriza ankakhala pakhonde, odutsa akawapatsa moni iwo n'kufunsa kuti, "Ndinu a kwa yani?"