Tsache la ku Midland

Ndiulule lero. Ine sindikhulupirira munthu, ngakhale makina osesera a mpongozi wanga. Nthawi ya korona, ndikuwongola miyendo mu paki ya ku Girrawheen, kuno kutsidya kwa nyanja, ndinaona kamtengo kakuda ngati kopsa, kumutu kuli udzu wautali. Tsache lenileni! Ndinacheuka uku ndi uku, n'kumweta, n'kubisa m'chitenje.

Lamlungu tikuyenda mu paki yomweyo, mpongoziyo akutiphunzitsa mayina a mitengo pa foni, anaima pa kamtengo kaja. "Uwu ndi balga, amayi, ngoletsedwa kudula. Taonani, wina waumeta!"

"Anthu akuno ngosakhulupirika," ndinatero, ine gogo wathunthu.

"Kodi tsache lanu labwino lija munagula kuti?"

"Ku Midland."

Ndinakasekera kubafa mpaka misozi. Koma zandivuta: mpongoziyo wauza amayi akumpingo za tsachelo, ndipo akufuna masache asanu Loweruka.