Ba Kapembwa ndi Likasa

Ku Kalingalinga, guwa lililonse limene m'busa amalimenya ndi chibakera osathyoka, dziwani kuti analipala ndi ba Kapembwa. Akhala pa ukalipentala zaka makumi atatu, ndiponso ndi dikoni wodziwa Baibulo mopitirira muyeso. Ndine mlamu wawo, ndiye ndinganene: kudziwako n'kumene kunawaika m'mavuto.

Tsiku lina anabwera ba Mike, mkulu wachiyuda wobadwira ku Kopala, dera la migodi. Kunyumba kwawo kuli kachipinda komwe Ayuda ochepa amapempherako, ndipo chitseko cha likasa la m'menemo chinali chitagwa, ndiye amafuna woti akachikonze. Ba Kapembwa anavomera, kenaka anakumbukira Uza, uja anagwira Likasa la Chipangano n'kufera pomwepo. Kukana anachita manyazi, kupita anachita mantha. Anasala kudya masiku awiri, ndipo pochoka anatsazika mkazi wawo ngati akupita ku opaleshoni.

Atafika anaima pakhomo, manja kumbuyo.

"Ba Mike, nikagwira ichi chinthu, nizabwelela kunyumba?"

Mkuluyo sanaseke, ndipo pa chimenecho ndimamulemekeza. Anawakhazika pansi n'kuyamba kuwamasulira. Anati kachipindako ndi sunagoge, ndipo sunagoge ndi mawu achigiriki, tanthauzo lake msonkhano basi. Pachiheberi amati beit kneset, nyumba yosonkhaniramo. Agogo ake ochokera ku Ulaya ankangoti shul, ndiye kuti sukulu, poti ndi kophunzirira.

"Nanga likasa?" anafunsa ba Kapembwa, poti zinazo sizinali zowapha.

"Timaitana aron kodesh. Aron ni bokosi, kodesh ni kupatulika. Zina lake tinatenga ku ija ya Mose, koma ija inasowa kalekale. Iyi ni kabati yosungilamo mipukutu ya Malamulo, na mipukutu nachosamo kale. Anapanga ni kalipentala monga imwe."

Ba Kapembwa anayandikira pang'onopang'ono n'kusuzumira. Matabwa anali a mukwa, koma kumbuyo wina anaikako paini, ndipo chiswe chinali chitamangamo misewu yake. Anachiyang'anitsitsa chikuyenda, chonenepa bwino.

"Ivi vakhala vikudya muno zaka zingati?"

"Kapena zisanu."

"Ndipo vikali moyo."

Anapuma mpweya wautali, mtima n'kukhala pansi. Komabe anavula kapusi, napukuta manja pa ovolosi kawiri, kenaka anaika chikhatho pa thabwalo. Linali lozizira, la fumbi, thabwa ngati matabwa onse. Anandiuza kuti chimene anamva choyamba, asanathokoze n'komwe Mulungu, inali njala.