Fupa Limene Amalume Anasema

M'kabokosi kanga ka singano muli fupa la m'kakolo mwa ng'ombe, losalala, lachikasu ngati dzino la nkhalamba. Adzukulu anga amati ndi chithumwa. Chithumwa chanji! Umenewu ndi umbava wanga woyamba, ndisanakwanitse zaka khumi.

Chinali chilimwe, sitima itangoyamba kumene kufika ku Limbe. Bambo anali atamwalira miyezi ingapo m'mbuyomo, ndiye ine ndi mayi tinkakhala kwa amalume, kalipentala wophunzira ntchito ku mishoni. Nyengo imeneyo amalume analembedwa ntchito ndi mzungu wina wowonda, wandevu zofiira. Sanali Mngelezi ayi. Ankati kwawo ndi ku Yukireni, kumene madzi amauma gwa ndi kuzizira, ndipo anadzaphunzira matupi a ng'ombe zathu za linunda. Anthu anamutcha a Mafupa, chifukwa kuseri kwa nyumba yake kunali mgolo umene ankawiritsiramo ng'ombe mpaka mnofu kuyoyoka. Fungo lake, mayo ine! Mayi akamadutsa ankalavula, amvekere, "Wotaya nyama n'kusunga mafupa, ameneyo ndi munthu?"

Amalume ankakonza chimango cha matabwa ndi waya choti ng'ombe ya mafupa okhaokha iimirire ngati yamoyo. Ndiwonso ankayang'anira mafupawo akayanikidwa pamphasa. Mzunguyo anali atanenetsa kuti likasowa limodzi, ntchito yonse yafa. Ndipo panyumba tonse tinkadziwa kuti amalume akachotsedwa, basi, tikubwerera ku thangata m'minda ya fodya.

Tsiku lina nditawapititsira chakudya, ndinaliona fupali likuwala padzuwa. Linakwana ndendende m'dzanja langa. Ndinaganiza za phada, mmene lingakwerere m'mwamba kusiyana ndi miyala yokanda m'manja ija, ndipo ndinalimanga pansonga ya nsalu. Sabata yonse palibe mtsikana amene anandiposa. Za thangata sindinaziganize n'komwe. Lero ndikakumbukira ndimachita manyazi.

Amalume sanafunse munthu. Ndinangowaona masana, anzawo akupuma, atakhala pansi pa mtengo wa mango ndi kachidutswa ka mlombwa. Ankasema, uku akuyang'anitsitsa fupa linzake la mwendo winawo. Atatha anakapaka njereza mpaka kanayera mbee. Ndinadziwa chimene ankasema, koma sindinaulule.

Litafika tsiku loimika ng'ombe, ndinalipo ndi mbale m'manja. Mzungu uja anagwada pa mwendo wakumbuyo wakumanja, nayesa kulowetsa fupalo. Linakana. Analitembenuza, linakanabe. Kenaka analiyeza kulemera m'dzanja, n'kulikanda ndi chikhadabo, ndipo kufiira kwa mlombwa kunaonekera. Amalume anavula chipewa.

"Bwana, ndinataya ndine," anatero.

Pamenepo ndinathamangira kutsogolo. Mbale inagwa, ndinamasula nsalu uku ndikulira, "Si amalume, ndine! Nali!"

Ndinkadikira chikoti. Koma mzunguyo anayang'ana fupa lenileni, kenaka losemalo, n'kuyamba kuseka mpaka misozi kulowa m'ndevu. Anagwira manja anga awiri, nasanjika lamanzere pamwamba pa lamanja, zala zazikulu zinaloza kosiyana. M'Chinyanja chake chopunduka chija anati, "Manzere ndi manja, pachibale, koma munthu mmodzi iyayi." Amalume anali atatengera fupa lakumanzere mosaphonya ngakhale kamzere, mwakuti ng'ombeyo inali ndi akumanzere awiri.

Mzunguyo anati kwawo sanaonepo wophunzira woyang'ana fupa ndi maso ngati a kalipentala ameneyu. Anawapempha kuti aseme lina lakumanja, kenaka mwendo wonse wotheka kumasula ndi kumanganso. Fupa lenileni anandibwezera ine. Ankafuna kuti la mtengolo ndilo likhale m'ng'ombe.

Mvula yoyamba itagwa, anakwera sitima ndi mabokosi ake. Anasiyira amalume kalata yowachitira umboni, ndipo kuyambira pamenepo ntchito inkachita kuwafuna, ku Limbe ndi ku Blantyre komwe. Ku thangata sitinapiteko. Patapita zaka, nkhondo ya Ajeremani itatha, kunabwera kalata ina, ndipo aphunzitsi ndi amene anatiwerengera. A Mafupa anali atakhala pulofesa kwawo, wophunzitsa madokotala a ziweto mmene thupi la nyama linapangidwira. Anati ophunzira atsopano aliwonse amawaimika pamaso pa ng'ombe ya ku Limbe kuti apeze fupa la mtengo, ndipo ambiri amalephera. Amalume anangomwetulira, n'kupitiriza kupala thabwa.

Ine zaka zonsezo ndinkadzitama kuti ndinapulumutsa amalume ndi kulimba mtima kwanga. Ha, uchitsiru! Zoona zake mayi anadzandiuza pa maliro a amalumewo, ndili kale ndi ana atatu. Amalume anandiona ndi fupalo tsiku loyamba lomwelo, ndikuchita phada kuseri kwa khitchini. Mayi anathyola kamtengo kuti andikwapule n'kulibweza, koma iwo anawagwira dzanja.

"Musiyeni, achemwali. Chimwalirireni bambo ake, lero ndi pamene ndamumva akuseka. Ndisema lina."