Chikwangwani cha Che Amidu

M'masiku a makhadi a chipani, agogo amene anandilera ankagulitsa zitumbuwa madzulo pansi pa chikwangwani cha golosale ya Che Amidu ku Chibanja. Zilembo zake zinali timachubu tagalasi toyaka mofiira. Ine ndinkangoyang'ana, kufuna kudziwa ngati m'katimo munali moto weniweni. Tsiku lina ndinalasa kamodzi ndi legeni. Munalibe kanthu, koma chikwangwani chonse chinazima. Palibe amene anadziwa kuti ndinali ine.

Che Amidu anathamangitsa ogulitsa onse pakhondepo. Agogo anasamukira kumdima, ndipo zitumbuwa zinayamba kubwerera kunyumba.

"Wandipweteka chomene," anatero akundipatsa zotsala. "Mwana waswa chikwangwani uja ndiye kuti alibe mayi womulangiza."

"Inde, agogo," ndinayankha ndikutafuna.

Anamwalira osadziwa kuti ananena zoona.