Dzina la mkazi wanga mu kompyuta ya kuntchito

Ntchito yanga pa kachipatala ka pa esiteti kaja inali yotsegulira ndi kutsekera anthu. Sindikunena za pageti ayi, kumeneko kunali mlonda wake. Ine ndinkatsegula ndi kutseka mu kompyuta. Kachipatalako kanali kuseri kwa Nsaru, pakati pa minda ya fodya, ndipo odwala ambiri anali matenanti ndi ana awo. Eni esiteti atabweretsa makompyuta ndi masola anafuna munthu woti aziyang'anira kuti ndani akuloledwa kulowa pati. Wolemba odwala pakhomo azingoona mayina, matenda ayi. Anamwino aziona matenda. Mankhwala azitulutsa wa kuchipinda cha mankhwala yekha. Munthu akayamba ntchito ndinkalemba dzina lake ndi kuchonga timabokosi ta zimene waloledwa. Akamusinthira ntchito, nanenso ndinkasintha timabokosito. Akasiya, ndinkatseka tsiku lomwelo asanafike n'komwe pa siteji ya minibasi. Pa zimenezi ndinalibe chibale. Anzanga ankanditcha apolisi a kompyuta, ndipo kunena zoona dzinalo linkandisangalatsa.

Wa kuchipinda cha mankhwalayo anali mkazi wanga. Tinadziwana pantchito pomwepo. Ine kwathu ndi ku Dowa, koma titakwatirana ndinakamanga kwawo monga amachitira mkamwini aliyense, m'mudzi wina woti pa njinga sutuluka thukuta kukafika ku esiteti. Apongozi anga aakazi anatigawira munda wa mtedza, ife n'kuumba njerwa, n'kubereka mwana mmodzi wamkazi.

Mkazi wangayo anamwalira mu Malichi, anthu ali pakalikiliki wothyola fodya. Sanadwale nthawi yaitali, ndipo za matendawo sindilemba pano. Za maliro zimene ndimakumbukira ndi zopanda pake: kuti mabenchi a kutchalitchi anachepa, kuti wina anaponda maluwa amene malemu anadzala pakhonde, kuti nsapato yanga yakumanzere inkandithina. Anthu ankabwera, kundigwira dzanja, kunena zimene amanena, ine n'kumayankha zimene amayankha.

Tsiku limene ndinabwerera kuntchito, adokotala amene ankatsogolera chipatalacho analowa m'kachipinda kanga n'kukankha chitseko pang'onopang'ono.

“Bambo, pepani kuti ndikuyamba ndi zimenezi,” anatero adokotalawo. “Dzina la mayi lija musatseke kaye. Ku ofesi kutauni sanatitumizire wa mankhwala wina, ndipo chilolezo chotulutsa mankhwala salola kuti mupatse anamwino. Mukatseka lero, odwala azibwerera chimanjamanja.”

Ndinafunsa kuti nanga anamwinowo alowa bwanji, popeza pasiwedi, mawu achinsinsi olowera, anapita nayo mwini wake. Adokotala anakanda m'mutu. Zinapezeka kuti anamwino aakulu ankaidziwa kalekale, mkazi wanga anawapatsa kuti azimugwirira akapita ndi mwana kusikelo. Apolisi a kompyuta ankagona nyumba imodzi ndi wophwanya lamulo osadziwa kanthu. Nthawi ina ndikanalusa mpaka chipatala chonse kumva. Tsiku limenelo ndinangoti chabwino.

Tsono m'mawa uliwonse ndinkayenera kuona amene alowa mu kompyuta ndi zimene achita, chifukwa imeneyonso inali ntchito yanga. Dzina la mkazi wanga linkabwera pamwamba penipeni. Walowa, watulutsa mankhwala a malungo, watulutsa panado, watulutsa a chifuwa, watuluka, walowanso. Khoma la pakati pa chipinda changa ndi cha mankhwala silinkafika kudenga, choncho ndinkamva zonse.

“Kodi amayi ali otsegula?” wina ankafunsa.

“Eya, ingolowani pa amayi pomwepo,” anamwino aakulu ankayankha.

Sindinganene kuti zinkandimvetsa chisoni, kapena kuti zinkanditonthoza. Ndinkangoyang'ana ngati munthu amene wakhala pakhonde kuonerera mvula. Ndinaona kuti mkazi wanga, amene ali moyo sankalola kugwira ntchito Lamulungu ngakhale umugwadire, tsopano ankagwira Lamulungu lililonse. Nkhomaliro sankapitanso. Ankaweruka mochedwa kuposa aliyense, m'mawa n'kulawirira kuposa aliyense. Ndinkatseka tsambalo, kumwa tiyi wanga, kukonzera wina makina osindikizira amene akana kukoka pepala, madzulo n'kupalasa njinga kubwerera kumudzi kumene mwana anali atadya kale kwa agogo ake.

Fodya atapita kumsika ndi pamene anatitumizira wa mankhwala watsopano, mayi wina wa ku Namitete wosachedwa kulankhula zimene waona. Ndinamulembera dzina lake, ndinachonga timabokosi take. Apa panalibenso chondiletsa kutseka dzina lakale lija. Koma zala za anamwino zinali zitazolowera, ndipo palibe amene analimba mtima kukumbutsa wamasiye. Ine ndinkatsegula mzere wa dzina lake, kuika kamuvi pa kabokosi kotsekera, kenako n'kukumbukira kuti sindinapukute fumbi pa masola.

Tsiku lina mayi wa ku Namitete uja anaima pakhomo panga.

“Bambo, mundikhululukire,” anatero. “Mankhwala ena akutulukabe pa dzina la malemu. Akasowa, ndikafunsa uyu akuti si ine, ndikafunsa uyo akuti si ine, ndi amayi. Nanga ine ndikafunse kuti? Tsiku lina kudzabwera oyendera kuchokera kutauni, ndipo dzina limene lidzaipe ndi la munthu woti sangadziyankhire.”

Ankanena zoona, ndipo n'chifukwa chake anandinyansa. Ndinamuyankha kuti ndamva, ndiona. Sabata inatha ndikuonabe.

Loweruka lotsatira kumudzi kunali mwambo wondisudzula. Ndinkadziwa kuti tsiku limeneli lidzafika, chifukwa mkamwini mkazi wake akamwalira, akuchikazi amayenera kumumasula. Achimwene anga anabwera kuchokera ku Dowa kudzakhala mboni. Tinakhala pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba. Amene analankhula anali atsibweni ake a malemu, bambo ofatsa amene amakonza njinga pa Nsaru, m'zikhadabo muli girisi ngakhale atavala jekete.

“Akamwini athu,” anayamba motero, “mwana wathu munamusunga bwino, tonse tinaona. Simunatilakwire kanthu. Lero tikukumasulani. Mukafuna kukhala, nyumbayi munamanga ndi manja anu, palibe akuthamangitseni. Mukafuna kubwerera kwanu, kapena kupeza banja lina, njira ndi yoyera. Mwanayu ndi wanu, koma kwawo ndi kuno, mukudziwa kale.”

Achimwene anathokoza m'malo mwanga. Ine ndinawomba m'manja pamene ena ankawomba. Mawu onsewo anangondidutsa, ndinali kuyang'ana nyerere zimene zinkakoka phiko la chiwala pafupi ndi phazi langa.

Anthu atayamba kubalalika, apongozi anga aakazi anabwera ndi madzi m'kapu. Zaka zonse zimene ndinakhala pamudzipo, mayi amenewa sanandiyandikirepo. Tikakumana panjira ankapatukira kutchire, akafuna kundiuza kanthu ankakhala chapatali atayang'ana kumbali, kapena kutuma mwana wawo. Umenewo ndiwo ulemu wa mpongozi ndi mkamwini, ndipo ine ndinali nditauzolowera mpaka kuiwala kuti ulipo. Tsiku limenelo anandipatsa kapu m'manja, n'kukhala pa mphasa yomwe ndinakhalapo ine, n'kundiyang'ana m'maso.

“Imwani, bambo,” anatero. “Mwaonda.”

Aka kanali koyamba kuona nkhope yawo bwinobwino. Mphuno ndi yomweyo ya mkazi wanga, ndi kampata ka pakati pa mano komwe. Ndinamwa madziwo onse ngakhale ndinalibe ludzu. Sankandithawanso chifukwa panalibenso chondithawira.

Lolemba ndinafika kuntchito mlonda akusesa pageti. Ndinatsegula mzere wa dzina la mkazi wanga. Timabokosi tonse tinali momwe ndinatichongera ine mwini pamene ankayamba ntchito, ndisanadziwe kuti amakonda chinangwa chootcha kapena kuti akakwiya amaimba nyimbo za kwaya. Ndinachotsa chilolezo chotulutsa mankhwala, ndinachotsa choona matenda, ndinachotsa cholandira katundu. Kompyuta inafunsa ngati ndatsimikiza, ine n'kudina kuti inde. Sizinatenge nthawi yoti tiyi n'kuzizira. Sindinauze aliyense, ndinangoyamba ntchito zina.

Dzuwa litakwera, odwala atadzaza pabenchi, ndinamva anamwino aakulu akugogoda mabatani kuseri kwa khoma, kusiya, kugogodanso.

“Iii, koma lero ndiye ziliko,” anafuula. “A kompyuta, tabwerani kuno! Amayi akukana!”

Kenako anasiya kugogoda mabataniwo. Ndikuganiza kuti anadzimva okha zimene ananena.

“Asiyeni,” ndinayankha ndili pampando pomwepo. “Aweruka.”

Mawuwo atangotuluka ndi pamene zinandipweteka, kupweteka kwenikweni, kwa pachifuwa, mpaka ndinagwira m'mphepete mwa tebulo. Ndinamva nsapato za anamwino zikuzungulira pakhonde. Sanalowe. Anavula nsapatozo, anakhala pansi pa simenti pakhomo panga ndi yunifolomu yawo yoyera, miyendo atatambasula monga amakhalira obwera kudzapepesa maliro. Odwala anadikira.